Famu ya Dongo Kuseri kwa Nyumba

Kuno ku Marondera,
Lachisanu masana.

Esinati mwana wanga,

Mayi ako akuti ndiyambe kukutchula kuti make Malita, poti tsopano ndiwe mayi wa pakhomo pako, wa miphika yako ndi apongozi ako. Ndayesa, koma cholembera chakana. Chikuti munthu amene ndinkamupukuta mamina ndi mpango wanga wa kutchalitchi sangasanduke make wina aliyense papepala langa. Choncho pirira, ukhala Esinati mpaka kalata ithe.

Ndakhala pansi pa mtengo wa mabulosi. M'nyumbamo ndikumva iwe ndi mayi ako mukukankhirana poto wamkulu uja, wina akuti "tenga", wina akuti "ayi, nanga inu mutsala ndi chiyani", ngati kuti potoyo alibe maganizo ake. Mawa m'mawa lole ibwera kudzakutengani kupita ku Raffingora, kumene mwamuna wako Zuze wayamba kale ntchito yokonza mathirakitala. Zimene ndikulembazi ndikanatha kukuuza pakamwa, koma timadziwana: ine ndikangokonza kukhosi, iwe umakumbukira kuti mumtsuko mulibe madzi. Kalata ilibe vuto limenelo. Uiwerenge usiku uno, mawa uibwereze pa lole, pamwamba pa matiresi, kumene kulibe mpopi wothawirako.

Kunja kuno dzuwa likuwodzera. Mitengo ya misasa ya kutsidya kwa damu yavala masamba ake ofiira aja, ndipo nyemba zake zikuthetheka ndi kutentha, tha! apa, tha! apo, ngati wina akuthyola zala m'tchire. Mabalani a fodya azima, angoima duu ngati akuluakulu a mpingo akudikira tiyi. Nyengo ngati ino munthu amayenera kugona, osati kulangiza. Koma pali nkhani imodzi imene ikundimana tulo ta masana, nayo ndi lilime la Malita.

Mwezi wathawu asewere anga, amake a Zuze, atabwera kudzationa, ananena pakhonde pano kuti mwana wa zaka zinayi amene sayankha akafunsidwa ndiye kuti lilime lake ndi lomangika, ndipo kuti ku Raffingora kuli mayi wina wodziwa kudula kamtsempha ka pansi pa lilime ndi lezala. Iwe unangoti, "Ndamva, amayi," maso ali pa zala za kumapazi. Ndinaona. Ndaonanso kope ndi pensulo zimene wagula kusitolo ya pafamu n'kubisa pakati pa mabulangete, kuti ukafika uko mwana asiye matope ayambe sukulu ya pampando, apongozi aone kuti sunangokhala manja lende. Lezalalo ndikuliopa kwambiri. Kope nalo ndikuliopa pang'ono.

Asewere anga sindikuwanyoza. Mdzukulu wawo amamukonda, ndipo mantha awo ndi a chikondi. Koma ukukumbukira kuti namwino wa kukiliniki anamuyang'ana mwanayu m'kamwa ndi m'makutu, nati zonse zili m'malo mwake. Malita amalankhula, Esinati. Iwe sunamumve bwino chifukwa nyengo yonse yosankha fodya unkachoka m'mbandakucha kupita kushedi, n'kubwera mwana tulo tili kale m'maso. Ine ndamumva, ndipo ndikuuza mmene ndinamumvera. Koma uyambe walawa zopusa za bambo ako, poti amene analasidwa ndi minga ndiye amadziwa polambalala.

Iwe unali msinkhu wa Malita pamene ndinabwerako ku koleji. Ufulu unali ukadali wakhanda, boma likufuna aphunzitsi ngati mvula yobzalira, ndipo ine, mwana wa munthu amene moyo wake wonse ankasonkhezera moto m'mabalani, ndinatsika basi ndi tayi pakhosi, m'mutu mutadzaza mayina a azungu amene analemba za ubongo wa ana. Nditakuyang'ana ndinaona munda wosalima. Ndinadula zilembo zonse pa makatoni a sopo, n'kuzipaka utoto, n'kuzikoloweka pa chingwe kukhoma. M'mawa uliwonse ndinkakukhazika pa thumba la feteleza, ine ndi kandodo kolozera, iwe ukuyang'ana nkhuku pabwalo monga wandende amayang'anira mbalame. Kenaka tinapita kwa azakhali ako ku Trelawney pa tchuthi, ndipo pobwera tinapeza chiswe chadya sukulu yanga yonse. Chinasiya chingwe chokha. Ndinakhala pabedi ngati wofedwa. Madzulo ake tinakusowa, ndipo ndinakupeza kuseri kwa khola la nkhuku, utagona chafufumimba pa chulu, khutu utaligunditsa kudothi.

"Ukutani apo, iwe?"

"Chete, Ababa. Akuwerenga."

"Ndani?"

"Achiswe. Adya zilembo, ndiye akuwerenga."

Funso limene ndinayenera kufunsa linali lalifupi: "Akuwerenga zotani?" Ukanandisimbira mpaka nkhuku zitalowa. Koma tayi inandikoka pakhosi, ndipo ndinakufotokozera kuti chiswe ndi kachilombo kopanda maso, kosadziwa Chizungu ngakhale Chichewa. Unadzuka, n'kusasa fumbi, n'kundiyang'ana monga munthu amayang'anira mlendo amene wakhalira chipewa chake. Za achiswe sunandiuzenso. Mpaka lero ndikamadutsa pa chulu chija ndimaponda pang'onopang'ono, mwina ndingamve tsamba limene afika. Ndiye, mwana wanga, Malita akakuuza kuti mwezi wagwera m'damu, usamuphunzitse za mwezi. Udabwe naye. Udandaule kuti wanyowa, mufunefune woti akauvuule ndi pokauyanika.

Chiswe chitandichotsa ntchito ya zilembo, ndinalowa masamu. Apa maganizo anga anali abwino, ndipo ndikukupatsa aulere: zitsekerero za mabotolo. Mwana amaziika m'magulu, zofiira uku, zobiriwira uko. Amazindandalika kuchokera pakhomo kukafika pa mpopi. Amagawira zidole zake chimodzichimodzi n'kuona yekha kuti wina waperewedwa. Chimene ndinalakwitsa ndi mgodi wake. Pafamu pano zitsekerero zimagwa malo amodzi okha, kubawa, ndipo ine poopa kuti makolo angaone aphunzitsi akutolatola pansi pa mabenchi a mowa, ndinkatuma iwe ndi mnzako Sekai Loweruka masana. Munkabwera ndi zitini zodzaza. Posakhalitsa unkawerenga bwino ndithu mpaka khumi, ine n'kumayenda chifuwa chili patsogolo. Lamulungu lina m'tchalitchi, akatekisiti atangoti tikhale chete tiganizire machimo athu, kamawu kako kanakwera, koyera ngati ka mngelo, kakuimba nyimbo ya a Jemusi oyendetsa thirakitala, ija yonena za mkazi wa folomani ndi zimene zinachitika m'munda wa chimanga. Unaimba mavesi onse, osaphonya. Mkazi wa folomaniyo anali pa benchi ya patsogolo pathu. Mayi ako anakhala masiku osandilankhula, ndipo atayamba kundilankhula ndinalakalaka akanapitiriza kukhala chete. Zitsekerero ukatole wekha, Esinati, kapena utume Zuze, nkhope yake inazolowera girisi, manyazi sagwirapo. Mwana sabwera ndi chimene wamutuma chokha, amabwera ndi zonse zimene zinali panjira. Ndipo ngati khutu la mwana limatola nyimbo ya a Jemusi popanda womuphunzitsa, lidzatolanso zako. Uzimuimbira pochapa, pomusambitsa, popeta. Uzitchula dzina la chilichonse chimene manja ako agwira, ngati ukulankhula ndi mphepo.

China ichi ndiye chofanana kwambiri ndi za Malita, choncho tsegula maso, usagone pa matiresipo. Nditaona kuti ukudziwa kuwerenga ndi kutchula mitundu, ndinakusandutsa wailesi. Mlendo aliyense akabwera ndinkakuitana: "Esinati, bwera uwauze amalume masiku a pa sabata m'Chizungu." Poyamba unkanena, anthu n'kuwomba m'manja. Tsiku lina kunabwera woyendera sukulu, bambo wa nsapato zonyezimira, ndipo ndinamuitanira tiyi kunyumba kuti aone chipatso cha maphunziro anga. Ndinakuimika pakati pa chipinda. Unayang'ana nsapato zija. Ndinafunsa, chete. Ndinafunsanso mokoma, mano ali pamodzi, chete. Bambo uja anati, "Musiyeni, aphunzitsi, ana ena amachedwa." Iwe, amene m'mawa womwewo unali utandipanikiza kuti ndikuuze chifukwa chake nkhuku sizikodza! Kwa nthawi ndithu mlendo akangoti "odi" unkalowa pansi pa bedi. Palibe amene anakudula lilime. Tinangosiya kukuimika pakati, mawu n'kubwerera okha ngati nkhuku madzulo. Malita ndi mwana wako ndithu, anatengera pomwepo. Ali ngati nkhono: ukagogoda chigoba, imabweza nyanga. Asewere anga atabwera anamuimika pakhonde, tonse maso pa iye, "Dzina lako ndani? Uyu ndani? Nena gogo!" Ngakhale ine ndikanayankha ndi chala m'kamwa.

Tsopano za dzino. Ukukumbukira m'nyengo yozizira ija pamene ndinakazulitsa dzino la mkati kutauni, n'kubwera tsaya litatupa ngati ndabisamo bango la mango? Kusukulu anandiuza kuti ndipume, pakuti mphunzitsi wosalankhula ndi khasu lopanda mpini. Iwe unali kushedi, mayi ako kudimba. Ndinakoka mpando kupita kuseri kwa nyumba kutsata dzuwa, ndipo ndinapeza Malita ali paja pamene madzi a pa mpopi amadikha, akukanya dongo. Masiku onse ndikamupeza chotero ndinkayamba ntchito yanga: "Ukuumba chiyani? Ili ndi miyendo ingati? Mtundu wake ndi wotani?" Iye n'kutola dongo lake kusamukira kwina. Koma tsiku limenelo m'kamwa mwanga munali thonje. Ndinangokhala, dzanja patsaya. Dzuwa linkalowa m'mafupa, mankhwala a kuchipatala akundiyandamitsa, njiwa zikulira ku mitengo ya bulugamu ngati zili m'dziko lina. Sindikudziwa ngati ndinagona. Ndinangomva kamawu pafupi ndi bondo langa, kakundiitana monga ana amaitanira agogo aamuna m'Chishona.

"Asekuru, ng'ombe iyi ikudwala dzino."

Ndinatsegula diso limodzi. Anali atanyamula kang'ombe ka dongo, tsaya limodzi ataliphatika kachibuluma.

"Isalankhule," anatero. "Ikalankhula magazi atuluka. Izingomwa madzi. Mnzake uyu akukaitungira kudamu. Koma damu lili kutali, thirakitala yafa, Ababa akuikonza, koma sipanala yagwera m'chitsime, ndiye chule waitenga."

Esinati, mwana analankhula mpaka mthunzi wa nyumba unatipeza. Ine misozi inkatsika, iye n'kumayesa kuti ndi dzino, n'kumandisisita bondo. Pa zaka zonse za ku koleji ndi za m'kalasi, amene anatsegula pakamwa pa mdzukulu wanga ndi dokotala wa mano amene anatseka panga. Nditawauza mayi ako anati, "Akanakuzulani kalekale. Onse."

Kuyambira tsiku limenelo tamanga famu kuseriko. Iwe umaiona ngati matope odetsa madiresi a mwana, ndipo ndinakuona tsiku lina ukuiyang'ana uli ndi ndowa ya madzi m'manja. Upite ukaione bwino usanakwere lole. Pali mabalani ake, oumbidwa m'kachitini ka jamu, ondandalikidwa ngati enieniwa, ndipo imodzi ikagwa amawerenga yekha otsala, palibe womutuma. Damu ndi chivundikiro cha poto wakale, ndipo mmenemo taphunzira kuti khoko la nyemba ya msasa limayandama, mwala umamira, ndipo nyerere ikakwera khokolo imakhala mwini sitima. Pali shedi yosankhira fodya, mmene amasanja masamba a mabulosi ndi a mango monga anakuonera iwe tsiku lija unamutenga kuntchito: aatali uku, aafupi uko, achikasu paokha, ofiirira paokha, ong'ambika n'kuwaponya kumbali akung'ung'udza ndi mawu ako enieni, "Zinyalala izi, zisatitayitse nthawi." Komboni yonse ilipo, nyumba ndi nyumba, ndipo amadziwa kuti ya a Jemusi yayandikana ndi bawa, zomwe ndi zoona ndipo zikufotokoza zambiri. Misewu amailemba ndi kamtengo, yowongoka, yokhota, yozungulira. Dzanja limene likukhotetsa msewu lero ndi lomwe lidzakhotetse zilembo, pensulo isathamange.

Anthu a pafamu yakeyo ali ndi zilankhulo zawo. Ng'ombe zimalankhula Chichewa ngati ife. Kondakitala wa basi, amene ndi chitsononkho, amakuwa m'Chishona, "Pindai, pindai, tiende!" Mwini famu ndi botolo la mankhwala a chifuwa, ndipo amalankhula Chizungu cha m'mphuno chopanda mawu, koma ukamva ungalumbire kuti ndi bwana weniweni akufunsa kumene kwapita dizilo. Wina akadzakuuza kuti mwana wachedwa chifukwa mwamusokoneza ndi zilankhulo zambiri, n'kukulangiza kuti usiye Chichewa, umuuze kuti ng'ombe za Malita sizinasokonezekepo. Azimva Chichewa kwa iwe, Chinyungwe kwa agogo ake a ku Raffingora, Chishona kwa anzake pa mpopi. Mutu wa mwana si kapu yoti ingasefukire.

Usaganize kuti dzino linandichiritsiratu uphunzitsi. Tsaya litaphwa, manja anayamba kuyabwa. Masana ena Malita ali mtulo ndinatenga rula ndi mpeni, n'kumuumbira balani yeniyeni, makona ake owongoka, chumuni chake, khomo lake, ndi denga la malata a chitini. Ndinaiimika pakati pa famu n'kukhala pampando kudikira chiyamiko. Atadzuka anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mabalani ake opindika aja, n'kubisa manja m'diresi. Tsiku limenelo sanaumbe kanthu. M'mawa mwake ndinapeza balani yanga ili m'damu, yasungunuka, chumuni chokha chikusuzumira. Nditayang'ana kwa iye anati, "Inapsa. Tinazimitsa." Sindinadandaule kwa bwana. Ndinamva.

Ndiye ukafika uko, usanapachike ngakhale makatani, uyende ndi mwana. Umugwire dzanja, mukaone kumene kuli mpopi, sitolo, galaja ya bambo ake, nyumba ya agogo, damu ngati lilipo. Usamufunse kanthu. Uzingonena wekha ngati wozungulira mutu, "Eee, mabalani akuno ndi aatali," "Taona galu uyo wagona m'wilibala." Pobwera mupeze malo kuseri kwa nyumba, pamthunzi, poti tsache lisamafikepo. Mkati mwa poto wamkulu uja ndabisamo thumba la shuga, ndiye potoyo mumutenge ndithu, mkangano uthe. M'thumbamo muli dongo la kuno, lonyowa, lokulunga m'pulasitiki. Umupatse, ukhale pansi, nawe uumbe kako, koipa ndithu, mwina nkhumba yooneka ngati buledi. Ndipo utseke pakamwa. Ndikudziwa kuti kwa mwana wobadwa kwa ine zimenezi n'zolemera kuposa belo la fodya. Ukamva funso likukwera pakhosi, gwira tsaya, uganize za bambo ako ndi thonje lawo. Sizifuna tsiku lonse ayi. Nthawi imene madzi osamba akufunda pamoto ndi yokwanira, bola tsiku lililonse.

Apongozi ako usakangane nawo. Mtengwa sapambana mkangano wa pakhonde, ngakhale atapambana. Amayi aja amaumba mbiya, ndiye uwapemphe mwaulemu kuti akuonetse kumene kuli dongo labwino ku Raffingora, poti la kuno lidzatha. Kenaka uwayalire mphasa kuseriko, uwapatse mtedza aziswa, ndipo uwapemphe chinthu chimodzi: asamufunse kanthu mwana. Uwauze kuti ndi mankhwala amene apereka aphunzitsi, ndipo chizimba chake ndi kukhala chete. Anthu amalemekeza mankhwala okhala ndi chizimba. Akadzamumva ndi makutu awo akukalipira ng'ombe, lezala lidzabwerera kokameta ndevu. Akaumirirabe, unene kuti bambo ako akaniza, ndipo ndi munthu wovuta, woti akhoza kukwera basi n'kudzakhala pakhomo pawo mwezi wathunthu akufotokoza za ubongo wa ana. Zuze ndinalankhula naye asananyamuke, ali mbali yathu, kungoti pamaso pa mayi ake amasanduka sipanala yotha mano. Iwe ndiye uime. Ndipo ngati mvula idzafike mwana ali chete ndithu, ngakhale kuseri kwa nyumba, njira ndi ya kukiliniki, kwa anthu a kanyali koyang'anira m'khutu. Lezala ayi, Esinati. M'kalata muno ndaseka zambiri, apa pokha sindikuseka.

Ndikuuze zoona, nanenso ndakhala ndi mantha sabata ino. Chiyambireni kumanga katundu, Malita anatsekanso pakamwa, ngakhale kwa ine. Ankapita kufamu yake n'kumangokhala, ng'ombe zili chete, kondakitala chete. Ndinayesa kugwira tsaya, sizinathandize, mwanayu amalidziwa dzino lonama. Mayi ako, amene amamutcha mkazi mnzawo, anati, "Mkazi mnzanga wakwiya, akumulekanitsa ndi nkhalamba yake." Tinaseka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mawu ake ndi a pamalo pano, ngati mbande zina zimene zimakana kuwokeredwa, ndipo kuti mukafika uko asewere anga adzapeza mwana wachete weniweni, ine wowatsutsa ndili kutali.

Ndinali pakati pa nkhani ya apongoziyi pamene ndinamuona akutuluka kuseri ndi kamtengo kake, chowerama, akulemba mzere pansi. Ndinaika cholembera pakhutu. Mzerewo unayambira pa geti la famu yake ya dongo, unadutsa pa mpopi, unalambalala khola la nkhuku, unakhudza chulu chako chija, n'kubwera mpaka pansi pa mabulosi pano, pakati pa mapazi anga, ine n'kukweza miyendo kuti ntchito ya boma ipitirire. Anapita nawo mpaka pa mpanda, pamene bwalo lathu lathera. Kenaka anabwerera, nakweza anthu awiri a dongo m'chitini cha nsomba, wamkulu ndi wamng'ono, chitsononkho chili kumbuyo, n'kukoka pang'onopang'ono mumzere muja. Pa mpanda panali pataima kale kamunthu kogwira kamtengo, ndikhulupirira ndi Zuze ndi sipanala yake. Anawatsitsa pamenepo. Anabweranso, natola ng'ombe ija ya tsaya lotupa, yomwe tsopano inauma ndipo nyanga imodzi inathyoka, naiimika poyambira msewu, nkhope italoza ku mpanda.

Atatero anadzaima patsogolo panga, manja kumbuyo ngati folomani.

"Asekuru."

Ndinawerama kuti ndimve bwino.

"Ng'ombe iyi itsala. Ndi yokalamba, pa lole igwa."

Ndinagwedeza mutu.

"Koma msewu uwu musasese. Muwauze agogo. Mukasesa basi isochera, ndiye ng'ombe idzabwera bwanji kudzationa?"

Mayi ako ndawauza kale pawindo. Akuti chikwatiraneni ndapeza zifukwa zambiri zoletsera ntchito, koma ichi ndi choyamba chomveka. Avomera: tsache lizidutsa uku ndi uku, mzere uzitsala. Nkhuku zokha ndiye sindinakambirane nazo. Mvula ikadzagwa udzafufutika, ndikudziwa, ndipo ndidzaulembanso ndekha ndi ndodo yanga, a pakomboni azinena kuti aphunzitsi aja choko chawalowa m'mutu.

Tamvera tsono, Esinati. Msewuwu wathera pa mpanda wathu chifukwa mwana sakudziwa za kutsidya. Mbali inayo ili m'thumba la shuga, m'poto. Kope ulisunge, silivunda, nthawi yake idzakwana. Mukamanga famu ya ku Raffingora, umusiye atulutse msewu pa geti, aulozetse kuno. Tsiku limene adzakuuze yekha kuti misewu yakumana, undilembere, ng'ombe yokalamba idzakwera basi. Ndidzabwera kudzamva ndi makutu anga, ndidzakhala pa mphasa imodzi ndi asewere anga, ndipo ndikulonjeza kudzakhala chete, mwina mpaka tiyi atafika.

Muyende bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolereni pa msewu weniweniwo, ndipo dalaivala umuuze asathamange, wanyamula famu yathunthu. Poto mutenge.

Ndine bambo ako,
operewera dzino limodzi.